Munda wa Zigamba ku Likangala

Moni nonse abale ndi alongo amene mukuwerenga mawu angawa, kulikonse kumene muli. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine mayi wa ku Likangala, mlimi wa mpunga, ndipo kwathu kuno ambiri anaiwala dzina langa lenileni, amangoti Nakilombero. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene amuna anga anadwala chifuwa chachikulu, mbewu yanga n'kutha, munda wathu n'kutsala wopanda wouwokera. Ndinkaona ngati ndikuwachiritsa m'chipatala kuti akafe ndi njala kunyumba. Koma Mulungu anali ndi njira yake, ndipo njirayo sinali yowongoka ngati mizere imene ine ndimaikonda.

Dzina la Nakilombero silinabwere lokha. Pamene ndinkalowa m'banja, malemu mayi anga sanandipatse nsalu yodula kapena mbale za galasi. Anandipatsa kathumba ka mbewu ya Kilombero, mpunga wautali uja wonunkhira, n'kundiuza kuti ndisadzaisakanize ndi mbewu ina. Mawuwo ndinawasunga, mwina mopitirira muyezo. Chaka ndi chaka ndinkayenda m'poloti mwathu, ndiye kuti kamunda kathu ka mu sikimu ya mpunga wothirira, n'kumazula phesi lililonse lachilendo ngati ndikusaka nsabwe m'mutu mwa mwana. Powokera ndinkakoka chingwe, mbande iliyonse pamalo pake. Amuna anga, bambo a Fane, ankandiseka kuti tsiku lina ndidzawakokera chingwe iwonso kuti azigona mowongoka. Koma mpunga wanga ukafika kumsika wa ku Songani ogula ankauzindikira ndi mphuno, ndipo ine ndinkanyadira, sindibisa.

Kwathu kuno kuli gulu la anthu odzipereka limene timangolitchula kuti kalabu ya Lachiwiri. Muli alimi a mu sikimu, amayi oyanika matemba ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ndi asodzi angapo, Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Anasankha Lachiwiri chifukwa Lachisanu ena ali ku mzikiti, Loweruka ena ali ku tchalitchi, Lamulungu enanso chimodzimodzi, ndipo Lolemba, mwa kunena kwa wapampando wawo Che Amidu, munthu amakhala asanadzuke bwinobwino. Alibe bwana wakunja wowathandiza. Chuma chawo ndi manja awo. Tsiku limenelo amapita onse kukagwira ganyu m'munda mwa amene wawaitana, ndipo malipiro ake sagawana, amalowa m'thumba la kalabu. Amayi a matemba nawo poyanika amasiya kona imodzi ya thandala, nsomba za pakonapo n'kukhala za kalabu. Ndi zimenezi amafolera nyumba za okalamba ndi kugulira odwala sopo. Chaka chimenecho ankasonkhanitsa za malata a kashedi ka sikelo ya ana, kuti amayi asamanyowe ndi makanda pansi pa mtengo.

Ine sindinali membala. Ndinkawalemekeza ndithu, koma mawokeredwe awo ankandiwawa m'maso. Chaka china ndinawaitana kuti adzandiwokerere, ndipo anabwera ndi nyimbo ndi nthabwala, ntchito n'kutha dzuwa lisanafike paliwombo. Atachoka ndinayang'ana mizere yawo, ndinaona ngati mwadutsa nkhuku. M'mawa mwake Che Amidu anandipeza ndikuzula mbande zina n'kumaziwokeranso ndi chingwe changa. Anaima pangalande n'kugwira pakamwa.

"Mayi, inu mukakafika kumwamba mukayamba mwawongola mizere ya angelo," anatero.

Tinaseka tonse awiri, koma kuyambira pamenepo sindinawaitanenso, ndipo iwo chifukwa chake ankachidziwa.

Matenda a bambo a Fane anayamba ngati chifuwa wamba. Ankatsokomola, ankatuluka thukuta, malaya n'kuyamba kuwakulira. Tinayesa mankhwala a m'golosale, tinayesa masamba, tinayenda uku ndi uku, ndipo mpunga umene tinasunga unkachoka m'nyumba pang'onopang'ono kulipira maulendowo. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Fane, ali kubanja ku Mzimba, ndipo nthawi imeneyo anali ndi kakhanda m'manja. Amuna anga ndi munthu wouma mutu. Ali choncho anatipulabe poloti yonse, kulima pang'ono, kutsamira mpini, kulimanso. Ine ndinafesa nazale. Mbande zitangotulutsa mitu, iwo anagwa m'munda akutsokomola magazi.

Tinawatengera ku chipatala chachikulu ku Zomba, kumene anatiuza kuti ndi chifuwa chachikulu ndipo chalowerera. Anawagoneka, ine n'kukhala gadiyani wawo. Pochoka kunyumba ndinanyamula kathumba ka mbewu yotsala pofesa, chifukwa nyumba inali kukhala yopanda munthu ndipo makoswe safunsa kuti ichi n'chayani. Mvula yobzalira inatipeza tili m'chipatalamo, choncho chimanga chaka chimenecho sitinabzale n'komwe. Chiyembekezo chathu chonse chinali pa mpunga. Kenako mnansi wathu anandiimbira foni kuti kwagwa chimvula, madzi asefukira, ndipo nazale yanga yakwiririka ndi mchenga ndi matope, palibe chotolapo. Ndinakhala pansi pakhonde la wodi. Chimene chinandigwira mtima ndi kathumba kaja. Ndinkati akangopezako bwino ndithamangira kumudzi kukafesanso, ngakhale mochedwa.

Koma sankapezako bwino, chifukwa sankadya. Anamwino ankandiuza tsiku ndi tsiku kuti mankhwala awa amafuna chakudya m'mimba. Ndinkawabweretsera ichi, akukana, icho, akutembenukira kukhoma. Manja amene ankanyamula thumba la mpunga okha anatsala mafupa, ndipo ndinkawagwira mosamala kuopa kuwapweteka. Tsiku lina m'mawa ndikuwapukuta kumaso, anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu.

"Mayi a Fane, ndikanangomva kafungo ka mpunga wanu uja, mwina pakhosi pakanatseguka."

Sankadziwa kuti mbewuyo ili pansi pa bedi lawo lomwelo, ndiponso za nazale ndinali ndisanawauze. Mlimi aliyense akudziwa kuti mbewu sadya. Ungagone ndi njala, ungagulitse chitenje, koma mbewu suikhudza. Ndinatuluka panja ndi kathumbako, ndinakakumbatira ngati mwana, ndipo ndinaona nkhope ya mayi anga. Kenako ndinaona nkhope ya mwamuna amene ndakalamba naye. Ndinabwereka mtondo kwa mayi wina wogulitsa nkhuni kunja kwa mpanda, n'kusinja mbewu ya mayi anga misozi ikugwera mumtondomo. Ndinaphika phala. Anamwa masipuni angapo, n'kupuma, n'kupemphanso. Mawa lake anamaliza mbale. Mtima wanga unagawika pawiri, mbali ina ikuthokoza, mbali ina ikuona kathumba kakuphwa.

M'masiku amenewo ndi mmene kunabwera Abiti Saidi. Ndi mayi wachisilamu woyanika matemba ku Kachulu, wosalankhulalankhula, ndipo ali ndi kapoloti kake kumunsi kwa sikimu. A kalabu anali atamutuma kudzazonda odwala a kwathu ndi kuwasiyira sopo ndi timatemba. Anandipeza kumalo ophikira magadiyani, ndikutakasa phala pakati pa utsi wa mafuwa ambirimbiri. Asanandipatse n'komwe moni anaima n'kukoka mpweya.

"Nakilombero, mwezi uno mpunga wonunkhira chonchi mwaupeza kuti?"

Anayang'ana kathumba kamene kanali pambali panga, katatsala pang'ono kugona pansi.

"Ndi mbewu imeneyi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Nanga nazale?"

"Inapita ndi madzi."

Anakonza mpango wake, anandisiyira sopo ndi matemba, n'kungoti, "Mulungu ndi wamkulu, mayi." Anapita. Ine ndinaona ngati ndi mawu amene tonse timanena tikasowa chonena, ndipo sindinawaganizirenso.

Kupemphera ndinkapemphera, abale anga. Masana odwala akagona ndinkapita kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango, n'kugwada. Koma mverani mmene ndinkapempherera. Ndinkamuuza Mulungu zochita, ngati ndikutuma mwana kumsika. Ndinkati, Ambuye, ndipezereni mbande za Kilombero, zisakhale zokalamba, ndipo munditumizire munthu wodziwa kukoka chingwe. Masiku ankapita. Anthu ochokera kumudzi ankandiuza kuti kuwokera kuli kumapeto, sikimu yonse yabiriwira. Tsiku limene ndinakung'untha kathumba kaja n'kugwa mankhusu okhaokha, malangizo anga onse anatha. Ndinagwada pansi pa mtengo uja osapeza mawu, mpaka ndinangoti, Ambuye, musatisiye. Ndinabwereza mawu omwewo mpaka belu la odzaona odwala linalira.

Anatitulutsa kumapeto kwa Januwale. Adokotala anandiuza mondiyang'ana m'maso kuti mankhwala ndi a miyezi ingapo, asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo azidya mokwanira, apo ayi matenda adzabwerera ndi ukali. Ndinati chabwino adokotala, ngati munthu amene ali ndi nkhokwe yodzaza. M'minibasi ya ku Kachulu ndinkayang'ana minda ya anthu pawindo, chimanga chikumasula. Mumsewu momwemo ndinawauza bambo a Fane zonse, za nazale ndi za mbewu imene anamwa. Anandigwira dzanja. Sanalisiye mpaka tinatsika.

M'mawa mwake ndinapita ndekha ku sikimu kuti ndikaone udzu umene wamera, ndione ngati pangapezeke wobwereka polotiyo n'kutipatsako kachakudya. Ndinayenda m'mbali mwa ngalande mutu uli pansi, ndipo poloti yanga ndinaipitirira. Nditafika pa ya mnansi ndinazindikira kuti ndadutsa, n'kubwerera. Pamalo pamene ndinkayembekeza thengo panali mpunga, wogwira kale, madzi ali mwake bwinobwino. Koma mpunga wake! Apa wobiriwira kwambiri, apa wotuwirako, apa wamasamba aakulu, apo waufupi, zigamba zokhazokha ngati buluku la m'busa wa ng'ombe. Mizere yake ndinaizindikira nthawi yomweyo, inali ya nkhuku ija. Komabe mantha anandigwira, ndinaganiza kuti mwina wina waona kuti eni ake sabwerera, walowamo.

Ndili chiimire ndinamva belu la njinga. Anali Che Amidu, atamva kuti tabwera.

"Mayi, musakomoke, ndilibe pokunyamulirani," anatero akutsika. "Chingwe tinachifunafuna, sitinachipeze. Mwina munapita nacho kuchipatala."

Anandifotokozera zonse titakhala pamphepete pa ngalande. Abiti Saidi atabwerako ku Zomba anakaima pamsonkhano wa kalabu, munthu amene salankhula pagulu, n'kunena kuti Nakilombero wasinja mbewu. Akuti panalibe wofunsa zambiri, chifukwa aliyense wondidziwa anamva kukula kwa nkhaniyo. Vuto linali lakuti nthawi inali itatha, ndipo panalibe munthu mmodzi wokhala ndi mbande zokwanira poloti yonse. Ndiye anagwirizana kuti aliyense akazule zotsala pa nazale yake, opanda nazale akapemphe kwa abale awo. Wina anabwera ndi mitolo ya Pusa, wina ya Faya, wina ya mtundu umene iye mwini sankaudziwa dzina. Aliyense anawokera zimene anabwera nazo pamene anaima.

Chimene chinandipyoza mtima ndi ichi. Nyengo yowokera ndi imene kalabu imapeza maganyu abwino kuposa nyengo ina iliyonse. Anthu amenewa anakana oitana olipira kuti adzagwire ntchito yaulere m'munda mwa mayi amene anawazulira mbande zawo. Sizinathere pomwepo, anatapanso m'thumba la malata lija n'kugula feteleza wothira m'mundamo. Kashedi ka sikelo kanayenera kudikira chaka china, amayi n'kumanyowabe ndi makanda awo, chifukwa cha ine. Ndinalowa m'madzimo, ndinagwada m'matope, ndinalira mokweza ngati pamaliro. Che Amidu anatembenukira kumbali n'kumakonza tcheni cha njinga chimene sichinawonongeke.

Koma ndikuuzeni zoona, chifukwa umboni wabodza suthandiza munthu. Misozi isanaume, mlimi wa mumtima mwanga anali atayamba kale kudandaula. Mpunga wa mitundumitundu chonchi adzagula ndani? Udzacha bwanji? Ndinkati walira mvula walira matope, ndalandira thandizo koma ndi ili. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera bambo a Fane za zigambazo, ndikujambula ndi chala pansi mmene mizere yakhotera. Anayamba kuseka, koyamba chidwalireni, kuseka kosakanikirana ndi chifuwa mpaka misozi. Atapuma anandiloza ndi chala chawo chowondacho.

"Mayi a Fane, ndakupemphani. Musakazule."

Sindinazule. Manja ankandiyabwa ndithu ndikamapalira, koma sindinazule ngakhale phesi limodzi.

Febuluwale anatipweteka. Amayi a kumpingo kwathu ankabwera ndi kaufa, a kalabu ndi timatemba ta pakona paja, koma mwezi umenewo aliyense amakhala akukokota pansi pa dengu. Ndinkagwira maganyu opalira, n'kubwera ndi kambale ka ufa kamene ndinkakagawa pawiri, gawo lalikulu la odwala. Mankhwala aja akalowa m'mimba mopanda kanthu ankawazunguza mutu ndi kuwanjenjemeretsa. Tsiku lina anawayang'ana m'dzanja n'kunena kuti bwanji ndipumireko kaye mpaka tidzakolole. Mawu amenewo anandiopsa kuposa magazi aja a m'munda. Ndinawagwadira, ndinawapempha kuti amwe chifukwa cha ine ngati sakufuna kumwa chifukwa cha iwo eni. Anamwa, koma ndinkadziwa kuti sindingawagwadire chonchi mpaka mwezi wa Meyi kapena Juni, pamene Kilombero amacha.

Sabata lomwelo ndinapita kumunda n'kupeza chigamba chimodzi chatulutsa ngala. Chinali cha Pusa, mpunga waufupi uja wopanda fungo, umene ine moyo wanga wonse ndinkaunyoza kuti ndi wa anthu osapirira. Zigamba zina zinali zikadali masamba okhaokha, koma iye anali atayamba kale ntchito yake. Ndinaima pamenepo. Ndinakumbukira pemphero langa la pansi pa mango, lija la mbande za Kilombero zokhazokha. Mulungu akanandipatsa zimene ndinamulamula, munda wonse ukanakhala wokongola, wa mizere yowongoka, ndipo mwamuna wanga akanasiya mankhwala usanache. Ndinathyola ngala imodzi n'kuthamanga nayo kunyumba ngati mtsikana. Ndinaiika m'dzanja lawo pambali pa mapilisi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sananenenso zopumira.

Mpunga woyamba kucha uli ndi adani ake. Mpheta za dera lonse zinamva uthenga, ndipo zinkatera pa kachigamba kanga ngati zaitanidwa ku ukwati. Ine sindikanatha kuingitsa mbalame ndi kugwira ganyu nthawi imodzi. A Lachiwiri anabweranso. Anamanga kachisakasa pakona ya munda, anakoka zingwe zomangirira zitini zokhala ndi timiyala, ndipo ankasinthana kudikirira m'mawa. Bambo a Fane atamva zimenezi anati iwo sangagone m'nyumba anthu akuwalondera chakudya chawo. Che Amidu anayamba kumawatenga panjinga n'kukawakhazika m'kachisakasamo. Ntchito yawo inali kukoka chingwe basi. Poyamba ankakoka mofooka, mbalame osawalabadira n'komwe. Koma tsiku lina ndikuchokera kuganyu ndinamva patali mawu a mwamuna akukalipira mpheta, akuzitchula akuba opanda manyazi. Ndinaima panjira n'kumvetsera. Mawu amenewo ndinali nditawaiwala, ndipo ndinalira ndikuseka.

Kumapeto kwa Malichi ndinalowa ndi zenga langa m'chigamba cha Pusa. Chinali chaching'ono, chokwanira manja a mayi mmodzi. Ndinamweta, ndinapuntha, ndinayanika, ndinasinja, ndipo tsiku limenelo m'nyumba mwathu munadyedwa chakudya chokhuta. Fungo analibe Pusayo, koma sindinadyepo mpunga wokoma ngati umenewo. Pamene ankatha, chigamba china chinali chitapsa, kenako cha Faya, kenako chija chosadziwika dzina, kudikirana ngati anthu a pamzere wa kuchigayo. Apa ndi pamene ndinaona nzeru ina imene sindinaiganizire. Munda wonse ukanacha nthawi imodzi, ine ndekha ndi mwamuna wodwala sitikanaukwanitsa, wambiri ukanayoyokera m'matope. Koma unkabwera pang'onopang'ono, molingana ndi mphamvu zanga, ndipo masaya a bambo a Fane ankabwerera limodzi nawo.

Panatsala chigamba chimodzi kumapeto, pafupi ndi polowera madzi. Ndinali nditachiona kuyambira kale kuti n'chosiyana ndi zinzake. Mpunga wake unali wautali, wochedwa, ndipo mizere yake, ngakhale sinali ngati yanga, inkaoneka kuti wowokerayo anayesetsa. Ndinkadziuza kuti Kilombero ali ndi anthu ambiri, usadzipatse chiyembekezo. Koma ngala zitakhwima ndinafikisa njere zingapo m'manja, ndinaziuzira, n'kununkhiza. Abale, mwana wako umamudziwa ngakhale ali pakati pa gulu. Ndinafunsa amene anawokera pamenepo, ndipo anandiuza kuti ndi Abiti Saidi. Tsiku lomwelo ndinapita ku Kachulu n'kumupeza akutembenuza matemba pathandala.

"Abiti, mbewu ija munawokera kwathu munaitenga kuti?"

Anandiyang'ana modabwa. "Mwaiwala? Chaka chija nyanja inaphwa, ife a nsomba titasowa pogwira, ndinabwera kwanu kudzapempha mbewu kuti ndiyambe kulima. Munandipatsa mbale imodzi, koma malangizo ake anali odzaza dengu. Munati ndisadzaisakanize." Anamwetulira pang'ono. "Sindinaisakanize, mayi. Chaka chilichonse ndimazula zachilendo ngati mmene munandiuzira."

Ndinali nditaiwaliratu. Anthu ambiri anapempha mbewu chaka chimenecho, ndipo sindinkaganiza kuti pali amene anamvera zolongolola zangazo. Ena a kalabu anandiuza pambuyo pake kuti mbande zimenezo sizinali zotsala. Abiti Saidi anali asanamalize kuwokera kwake, ndipo anazula zabwino zenizeni kubwera nazo kwa ine, mbali ina ya poloti yake n'kuidzaza ndi zotolatola. Anabweranso ndi chingwe chakale cha ukonde n'kuchikoka yekha, anzake akumuseka kuti mzimu wa Nakilombero wamulowa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu ndinkaunena ndi pakamwa pokha. Tsiku limenelo ndinaugwira ndi manja. Mbewu ya mayi anga, imene ndinaisinja ndikulira, Mulungu anali ataisungitsa kale m'nyumba ya mayi wa chipembedzo china, zaka zambiri ine ndisanadziwe kuti ndidzaifuna. Ndinamukumbatira Abiti Saidi pomwepo pakati pa matemba, ndipo tonse awiri tinanunkha nsomba ndi misozi.

Bambo a Fane anamaliza mankhwala awo osadumpha, ndipo atawayezanso anatiuza kuti chifuwa chatha. Lero akulima, akudya ngati mnyamata, ndipo mutu wawo ukadali wouma. Kilombero wa chigamba chija ndinamugawa. Mbewu ndinasunga, ina ndinabwezera Abiti Saidi, ndipo wotsalayo ndinapita naye ku Songani, zimene ndinapeza n'kukaziika m'thumba la malata. Sizinakwane kubweza zonse zimene anandichitira, ndipo Che Amidu anandiuza kuti ndisayerekeze kuzitcha kubweza, chifukwa kalabu sikongoza. Chaka chotsatira kashedi ka sikelo kanafoleredwa, ine ndili pomwepo kuperekera misomali. Tsopano ndine membala. Lachiwiri lililonse ndimapita ndi chingwe changa kuganyu, ndipo Lachiwiri lililonse chimasowa modabwitsa mpaka ntchito itatha. Pofesa nazale ndimawonjezera bedi limodzi losakhala langa, lodikira amene chaka chimenecho madzi kapena matenda amugwetse. Ndipo pakona ya poloti yanga, inde ine Nakilombero, ndimawokera kachigamba ka Pusa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi lija n'kusiya lalitali. Ndikuthokoza a kalabu ya Lachiwiri, amayi a kumpingo, anamwino amene sanatope nafe, ndi mlongo wanga Abiti Saidi amene anamva vuto langa ndi mphuno ine ndisanalitchule. Inu amene mumadzipereka m'magulu otere m'midzi mwanu, amene mumasiya kona ya thandala kapena tsiku limodzi la sabata, musaone ngati n'zochepa. Mtolo wanu umodzi wa mbande unasunga moyo wa mwamuna wanga.

Ndipo iwe mbale wanga amene lero wakhala pakhonde la wodi, kapena wakung'untha kathumba kako komaliza, limba mtima, usaleke kupemphera ngakhale mawu atakuthera. Thandizo lako mwina silibwera mmene unalijambulira. Mwina lidzabwera mochedwa, la zigamba, mizere yokhota, m'manja mwa anthu amene sunawayembekezere. Likadzafika chotero, ndikukupempha ndi mawu amene anandipempha nawo mwamuna wanga ali mafupa okhaokha pamphasa: usakazule. Lisiye likule, udzaona chimene chidzayambe kucha.

Ambuye akusungeni nonse.